Akumayadi ndi Kanyumba ka Kunyanja

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha apongozi anga, Anachisale. Anthu atabalalika, mkazi wanga Esinati anandiuza kuti ndilembeko za iwo. Ndinaseka. Ine ndine woyendetsa imejensi, galimoto zija zopanikiza anthu kuchokera kuno ku Chitungwiza kupita m'tauni, ndipo cholembera ndimachigwira pokhapokha wapolisi akandiimitsa. Komanso ndingalembe bwanji za munthu amene sindinamuyang'anepo m'maso? Esinati anati chifukwa chake n'chomwecho. Akuti ine ndinkawamvetsera, pamene iye ankangokangana nawo.

Ana athu amaseka ndikawauza zimenezi, koma kwathu mkamwini sadya mbale imodzi ndi apongozi ake aakazi, sawayang'ana kumaso, ndipo savula malaya iwo ali pafupi. Anachisale anachoka ku Dedza ali mtsikana, kutsatira mwamuna amene anadzamwalira Esinati akadali kumsana. Zambiri zakumudzi anazisiya m'njira, koma mwambo uwu wokha anaugwira ndi manja awiri. Akafuna kundiuza kanthu ankadzera mwa mwana, ngakhale ine ndili pompo, mpando umodzi kutsogolo kwawo.

"Tadala, uwauze bambo ako kuti galimoto si ndege."

Tadala, mwana wathu woyamba, Chichewa amamva koma pakamwa pake pamatuluka Chishona chokhachokha. Ankandigwira paphewa n'kunena kuti, "Baba, hanzi nagogo mota haisi ndege."

"Uwauze agogo ako kuti ndamva."

Tinkakangana choncho zaka zonse, ine ndi iwo, mwana ali pakati, ndipo sindikukumbuka tsiku limene ndinapambana.

Moyo wawo wonse analera ana a azungu kumayadi, ndipo ntchitoyo inawalowa m'mafupa. Ankasita chilichonse, matewera, masokosi, mpaka nsanza yopukutira mbale. Tiyi wamadzulo ankamwera pathireyi yoyalapo kansalu, ngakhale akhale wopanda mkaka. Akafika pakhomo pa munthu aliyense ankazungulira kukalowera kuseri, kwa abusa komwe. Ndipo pakakhala ana pafupi, nkhope yawo simukanaiona yonse. Ankalankhula nanu maso ali kwina, milomo ikugwedera pang'onopang'ono, akuwerenga mitu. Azimayi a ku Zengeza, kumene ankakhala, ankati mayiwa ndi onyada, amalankhula ndi anthu ngati akulankhula ndi mpanda.

Tsiku lina anatsala pang'ono kumenyedwa. Mzimayi wina woyandikana nawo anasiya beseni lodzaza madzi pabwalo n'kulowa m'nyumba kukapakula, mwana wake akukwawa chapomwepo. Anachisale anangofika n'kuligubuduza, zovala ndi sopo yemwe. Mwini wake anatuluka akutukwana m'Chishona, iwo akuyankha m'Chichewa, msewu wonse ukuonerera. Sanapepese. Ankati anthu amaganiza kuti mwana akamamira amakuwa, pamene amangolowa mwakachetechete, ndipo madzi a m'bondo ndi okwanira. Mawu amenewo ankawanena kwa aliyense, wofuna ndi wosafuna kumva.

Koma nkhani yeniyeni inali m'nyumba mwanga. Esinati sankawatchula kuti amayi. Amayi ake, m'kamwa mwake, anali ang'ono awo a Anachisale, amene anamulera kukomboni ya St Mary's pamodzi ndi ana awo. Omubereka ankawatcha Akumayadi. "Akumayadi abwera." "Akumayadi atumiza tomato." Pamaso pawo sankawaitana ndi dzina lililonse, ankangoyamba ndi nkhani, ndiponso m'Chishona, ngakhale Chichewa amachidziwa kuposa ine. Iwo ankamva zonsezi. Zinkandipweteka, koma mkamwini pa nkhani za mayi ndi mwana wake amangokhala chete.

Dziko lino litalandira ufulu, azungu aja analongedza n'kupita ku Joni. Anachisale anatsala ndi sutikesi ndi simbi yositira, n'kukakhala loja, wolipira lendi, m'kachipinda kena ku Zengeza, momwe ukatambasula manja umagwira makoma onse awiri. Ife tinali ndi nyumba yathu ku Unit L, ndipo kuseri kwa khitchini kunali chipinda chimene ndinkasungamo matayala. Ndinayesa kangapo kuuza Esinati kuti mayiwa tiwatenge. Yankho lake silinkasintha.

"Analera ana a azungu. Akawasunge ana awowo."

Ndiye chaka china, chakumapeto, mwini nyumba wa ku Zengeza anawauza kuti chaka chatsopano chikangolowa atuluke, chifukwa mwana wake akukwatira ndipo chipindacho chikufunika. Tonse tinkadziwa kuti alibe kolowera. Iwo sanapemphe, Esinati sanaitane, masiku akupita.

M'malo mopempha chipinda, anabwera ndi nkhani ina. Anakhala pakhonde lathu lakuseri, nkhope ataloza kumpanda, n'kuuza Tadala kuti auze bambo ake kuti Khirisimasi ino tonse tikaidyera kunyanja, ku McIlwaine. Kumeneko kunali kanyumba kamene azungu awo ankapitako mwezi wa Disembala uliwonse. Mlonda wa pamenepo, bambo wina wa ku Tete dzina lake a Zuze, anali atawatumizira mawu kuti mwini watsopano amabwereketsa kwa aliyense. Anachisale anali ataluka madoyilo, tinsalu toyala patebulo, chaka chonse n'kumagulitsa, ndipo zonse anali atalipira kale. Kwa ine ankangofuna galimoto.

Ndinaganiza kuti mayiwa mutu wazungulira. Munthu wopanda pogona n'kumawononga za thukuta lake pa holide? Esinati anakana pomwepo. Koma Tadala ndi mlongo wake Farai anali atamva kale mawu oti nyanja, ndipo analira mpaka mayi wawo anagonja. Anavomera mokwiya, akumenyetsa mapoto.

Tinanyamuka m'mawa, ine ndi Esinati kutsogolo, iye atanyamula khanda lathu Chipo, Anachisale kumbuyo ndi ana awiri aja, nkhuku yamoyo ili kumapazi kwawo. Njira yonse mayi ndi mwana wake sanalankhulane. Anachisale ankangouza Tadala pokhotera, Tadala n'kumandiuza ine.

Kanyumbako kanali ka zipinda ziwiri, denga la malata obiriwira, khonde lalikulu loyang'ana kumadzi, mitengo ya misasa mbali zonse. Ana anatsika galimoto isanaime bwino. Ana a ku Unit L madzi ambiri amene amawadziwa ndi a m'ngalande mvula ikagwa, ndiye Farai anangoima kukamwa yasa, kenako n'kufunsa ngati wina anaiwala kutseka mpopi. Ine ndikutsitsa katundu, ndinaona apongozi anga atasenza chikwama chawo akuzungulira nyumba, kulunjika kukachipinda ka antchito kamene kanali kuseri, pafupi ndi dzala. A Zuze anawathamangira.

"Mayi, mukupita kuti? Lero abwana ndi inuyo."

Anaima, n'kuseka pang'ono mwamanyazi. Anabwerera, koma analowerabe khomo lakuseri. M'katimo ankadziwa zonse: kabati imene chitseko chake chimafuna bondo, mbale imene ili ndi mng'alu, windo limene limalowetsa udzudzu. Bedi limene tinawapatsa m'chipinda cha ana, m'mawa mwake ndinamva Tadala akuuza mayi ake kuti agogo sanagonepo, anayala pansi.

Ntchito yawo yoyamba inali kuthyola nthambi yowongoka, n'kupatsa a Zuze kuti akaizike m'madzi pamene pankafika m'bondo la munthu wamkulu. Amenewo anali malire. Mwana aliyense wodutsa nthambiyo tsiku lake latha. Kenako anakakhala pamwala wina wafulati pafupi ndi gombe, miyendo atatambasula, manja pamiyendo, maso pamadzi. Ankayang'ana ana, n'kuyang'ananso kubango chifukwa cha ng'ona, n'kubwereranso kwa ana. Ana akakhala m'madzi iwo sankadya, sankamwa, sankapita ngakhale kuchimbudzi.

Tsono vuto linagwera ine. Dzuwa la Disembala likuphika, ana akundikoka manja kuti baba tiyeni, madzi ali apo, koma apongozi ali pamwala. Ndivule bwanji? Ndinapinda buluku mpaka m'mawondo, malaya ali m'thupi, mabatani onse otseka, n'kuima m'madzimo ngati munthu wodikira ubatizo. Farai anandifunsa ngati ndikuopa kuti malaya andibera. Anthu a m'kanyumba kena ankandiloza akuseka. Ndinaima choncho tsiku lonse loyamba, ndipo ndikhulupirira kuti Anachisale ankadziwa, chifukwa madzulo anauza Tadala kuti auze bambo ake kuti apachike buluku pawaya, alisita.

Tsiku la Khirisimasi Esinati anaphika mpunga, nkhuku ija ndi nsomba zimene a Zuze anatipatsa. Anayala zonse pakhonde, bwinobwino, ndipo ndinaona kuti waika mbale ya mayi ake pamalo abwino, pamthunzi. Kwa Esinati chimenecho chinali chinthu chachikulu. Anatuma ine kuti ndikaitane anthu. Ana anakana kutuluka m'madzi, akuti pang'ono pokha. Anachisale anati adya ana akatuluka. Chakudya chinayamba kuzizira, ntchentche zikubwera, Esinati milomo ikutalika.

Nthawi yomweyo Tadala, pothamangitsa mpira, anadutsa nthambi ija. Anachisale anadzuka msangamsanga n'kukuwa ndi mawu akuthwa amene sindinawamvepo, mawu a kuntchito.

"Suzi!"

Kenako mawu ena a Chingerezi omuuza kuti abwerere. Tadala anabwerera, akudabwa kuti Suzi ndi ndani. Ine ndinkadziwa. Linali dzina la mwana wamkazi wa azungu aja, msinkhu umodzi ndi Esinati.

Esinati anandipatsa khanda, n'kutsika pakhonde. Ndinamutsatira chapatali. Anakaima pambali pa mwala uja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamumva akulankhula ndi mayi ake m'Chichewa.

"Mdzukulu wanu dzina lake ndi Tadala."

"Ndikudziwa. Lilime laterereka."

"Chaka chija ine ndinkafa ndi chikuku ku St Mary's, Khirisimasi ngati yomweyi, munali pamwala pomwepa?"

"Pomwepa."

"Uthenga unakupezani?"

"Unandipeza."

"Ndiye munabwera chaka chatsopano chitalowa, ndi diresi yakutha ya Suzi."

Anachisale sanakane. Anati anapempha kwa dona kuti apite, dona anati mawa, mawa lake anatinso mawa. Anati akanatha kungonyamuka wapansi mpaka kumsewu waukulu, ntchito n'kuthera pomwepo, koma sananyamuke. Ngati analakwa kapena sanalakwe, iwo sakudziwa mpaka lero, chimene akudziwa n'chakuti anakhala. Zonsezi ankanena maso ali pamadzi, milomo ikuwerengabe. Esinati misozi inali ikutsika, ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri ndinachiona: akulira pafupi ndi mayi ake, mayi akewo osamuyang'ana.

"Tandiyang'anani."

"Ana ali m'madzi."

"Ndati tandiyang'anani."

"Ndikayang'ana iwe, iwowa awayang'ana ndani?"

Ndinaganiza kuti zathera pamenepo. Ndinayamba kale kuganiza zolongedza katundu, ndi za ulendo wobwerera wopanda mawu, ndi za mayi wokalamba ataima pamsewu wa ku Zengeza ndi sutikesi. Esinati anaima nthawi yaitali. Kenako anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kukhala pamwala pomwepo, phewa lake litagunda la mayi ake, maso ataloza kwa ana.

"Ndikuwaona ine. Awiri. Tadala ali kumanzere kwa nthambi, Farai wakhala pansi. Tsopano tandiyang'anani."

Anachisale anadikira kaye, ngati munthu wosakhulupirira wogwira ntchito watsopano. Atatsimikiza kuti Esinati sakuphethira, anatembenuka. Anamuyang'ana mwana wawo chammbali, tsaya, khutu, tsitsi, nthawi yaitali ndithu. Esinati anafunsa, maso ali kutsogolo, kuti anatibweretseranji kumalo ano, malo amene anamulanda mayi. Iwo anati zaka zonse zija ankakhala pamwalapo akuwerenga ana a eni, ndiye ankafuna, asanafe, adzakhalepo tsiku limodzi akuwerenga awo.

Kenako Esinati anafunsa ngati madziwo ndi ozizira kumene kukuya.

"Kaya. Sindinalowemopo."

"Zaka zonsezo?"

"Ndikanalowa nthawi yanji? Komanso sizinali zololedwa."

"Lowani."

"Iwe, usandiseke."

"Lowani. Ana ndili nawo ine."

Anakana kawiri. Kenako anayamba kumupatsa malangizo: asayankhe munthu akamuitana, asayang'ane boti likadutsa, bango alikumbukire. Esinati anati wamva. Ndiye ndinaona apongozi anga akumasula mpango, akuvula nsapato zawo za tenesi n'kuziika pambali bwinobwino, dzanja likupita pabatani la bulauzi. Pamenepo ndinachita chimene mkamwini aliyense akanachita. Ndinatembenuka, Chipo ali paphewa, n'kuyang'ana galimoto yanga.

Choncho chinthu chachikulu kwambiri chimene chinachitika pa moyo wa Anachisale ine sindinachione. Anthu akandifunsa kuti analowa bwanji, ndimawauza kuti ndinaona tayala lakumbuyo la galimoto, limene linali litayamba kutha mbali imodzi. Zina zonse ndinangomva. Ndinamva madzi akuti chubwi, chubwi, pang'onopang'ono. Ndinamva ana akukuwa kuti gogo, gogo. Ndinamva mayi wokalamba akukoka mpweya chifukwa cha kuzizira, kenako akuseka, kuseka kwenikweni kwa kumudzi, kumene sindinkadziwa kuti ali nako. Madzi ankamveka akuwazidwa, Farai akulamula kuti agogo akhale pansi. Kenako phokoso la mapazi linayamba kutalikira, ndipo mawu a mkazi wanga anang'amba gombe lonse.

"Amayi! Mwadutsa nthambi, bwererani."

Kuseka kuja kunaleka. Ine ndinathokoza kuti ndayang'ana kumbali, chifukwa mwamuna wamkulu kulira atanyamula khanda si zooneka bwino. Kenako ndinamva mawu aang'ono kuchokera m'madzi.

"Ndamva. Ndikubwera."

Mpunga tinaudya wozizira, ine pakona langa la khonde, iwo atafunda thaulo pakona lawo. Tsiku lotsala anagawana mwala uja, wina akakhala wina amalowa m'madzi. Ine ndekha ndi amene sindinasambe m'nyanjamo mpaka tinachoka.

Pobwerera, titadutsa Norton Road, Esinati anatembenukira kumbuyo n'kuuza Tadala kuti auze bambo ake kuti tikafika achotse matayala m'chipinda chija. Ndinamuyang'ana. Mkazi wanga yemwe, wokhala pambali panga, kudzera mwa mwana! Anangoyang'ana kuwindo ngati sananene kanthu. Kumbuyo ndinamva munthu akumina.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munali mtendere. Anakangana zaka zonse zimene anakhala limodzi. Ankakangana za magetsi amene simbi inkadya, za ana kugonetsedwa masana ngati ana a azungu, za mchere m'ndiwo. Esinati akakwiya kwambiri dzina lija la Akumayadi linkabwerera, koma tsopano ankalinena pamaso pawo, iwo n'kumuyankha kuti wa ku St Mary's alibe ulemu. Za chikuku sanazitchulenso. Sindikunena kuti bala linapola lonse, pakuti zimenezo mwini wake ndiye akudziwa. Kunyanja sitinabwerereko. Chaka chilichonse tinkati chaka chamawa.

Anadwala nthawi yochepa. Anagwa m'mawa wina akuyanika zovala, mbali imodzi n'kufa, ndipo Esinati ndi amene ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala ndi sipuni. Anamwalira m'chipinda chawo chomwecho, mvula yoyamba itangogwa.

Kuno ku Chitungwiza chipinda sichigona chopanda munthu. Maliro asanathe n'komwe, anthu anali atayamba kunong'onezana kuti kwa bambo a Tadala kwapezeka malo. Chaka chatha tsopano, ndipo sabata sipita popanda wogogoda. Chipindacho chili momwe anachisiyira. Bedi ndi loyala, chitenje chawo chili pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo mpando uli pawindo loyang'ana kumsewu, pamene ana a anthu amasewera pafupi ndi ngalande. Madzulo dzuwa limalowa pawindopo n'kugwera pampando wopanda munthu. Esinati amasesamo m'mawa uliwonse, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Dzulo kunabwera mtsikana wina ndi mwana kumsana, waulemu wake, atatopa ndi kuyenda. Anati wamva kuti tili ndi chipinda chopanda munthu. Ine ndinatsegula pakamwa, chifukwa chifundo chinandigwira, koma Esinati anandiyambirira. Anamupatsa madzi akumwa, anamulozera nyumba ina kumunsi kumene akufuna loja, n'kumuperekeza mpaka pageti. Kumeneko ndinamumva akumuuza mofatsa.

"Chipinda chilipo, mwanawe. Koma ndi cha amayi anga."